Continent, contiguous ndi contingent

Continent, contiguous ndi contingent ndi mawu atatu a Chingerezi amene amafanana kalembedwe koma matanthauzo ake ndi osiyana. Continent ndi dzina la chigawo chachikulu cha mtunda wa dziko lapansi, monga Africa, ndipo mawuwa analowa m'Chichewa ngati kontinenti. Contiguous ndi mfotokozi wonena za malo kapena zinthu zimene zagundana popanda china pakati pake. Contingent ndi mfotokozi wonena za chinthu chimene chingachitike kapena kulephereka malinga ndi mmene chinthu china chayendera. Mawu omwewa akakhala dzina amatanthauza gulu la anthu lotumidwa kukaimira gulu lalikulu.

Ku Malawi mawuwa amapezeka m'mabuku a kusekondale, m'mayeso a bungwe la MANEB, m'makalata a mgwirizano ndi m'zikalata za boma. Wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE ngati sanakhoze phunziro la Chingerezi. Kwa ana ambiri a m'madera monga Nselema m'boma la Machinga, amene amalankhula Chiyao pakhomo ndi Chichewa pamsika, Chingerezi ndi chilankhulo chachitatu. M'Chichewa matanthauzo atatuwa ali ndi mawu osafanana m'pang'ono pomwe: kontinenti, kugundana ndi kudalira. Chisokonezo chimabwera chifukwa cha maonekedwe a mawu a Chingereziwo basi.

Kumene mawuwa anachokera

Mawu onse atatu anachokera ku Chilatini ndipo amayamba ndi mphatikira con-, amene amatanthauza "pamodzi". Masinde ake ndi awiri. Continent anachokera ku mneni tenere, kutanthauza kugwira kapena kusunga. Olemba Chilatini ankati terra continens ponena mtunda wogwirana, wosadulidwa ndi nyanja. Contiguous ndi contingent anachokera ku mneni wina, tangere, kutanthauza kukhudza. Mneniyu akaphatikizidwa ndi con- amakhala contingere, ndipo anali ndi matanthauzo awiri: kukhudzana, komanso kugwera munthu monga mmene tsoka kapena mwayi umagwera. Tanthauzo loyambalo ndilo linabala contiguous, pamene lachiwirilo linabala contingent.

Contingent analowa m'Chingerezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Continent anayamba kugwiritsidwa ntchito ponena za mtunda m'zaka za m'ma 1500, ndipo contiguous anabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600.

Katchulidwe

Mu continent, phatikizo loyamba ndilo limatchulidwa mwamphamvu. Mu contiguous ndi contingent, mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri. Lembo la g limamvekanso mosiyana: mu contiguous limamveka ngati g wa m'mawu akuti "galu", pamene mu contingent limamveka ngati j wa m'mawu akuti "jekeseni". Polemba, continent ndi contingent amasiyana ndi lembo limodzi lokha, g, ndipo n'chifukwa chake awiriwa ndi amene amasinthanitsidwa kawirikawiri.

Continent

M'sukulu za ku Malawi amaphunzitsa makontinenti 7: Asia, Africa, North America, South America, Antarctica, Ulaya ndi Australia. Yaikulu ndi Asia, ya masikweya kilomita pafupifupi 44 miliyoni. Africa ndi yachiwiri, ya masikweya kilomita pafupifupi 30 miliyoni. Chiwerengero cha 7 ndi chongogwirizana anthu, osati lamulo la chilengedwe. Ulaya ndi Asia ndi mtunda umodzi, ndipo malire ake anangoikidwa pa mapiri a Ural, choncho akatswiri ena amawerenga ziwirizi ngati kontinenti imodzi yotchedwa Eurasia. M'mayiko ambiri a ku South America, ana amaphunzira kuti America yonse ndi kontinenti imodzi. Palibenso muyezo wokhazikika wosiyanitsa kontinenti ndi chilumba: Australia imatchedwa kontinenti, koma Greenland, ya masikweya kilomita opitirira 2 miliyoni, imatchedwa chilumba.

Mfotokozi wochokera ku dzinali ndi continental. Amapezeka m'dzina la mgwirizano wa zamalonda wa African Continental Free Trade Area, umene unasainidwa ku Kigali pa 21 March 2018. Amapezekanso mu continental drift, ganizo limene Alfred Wegener wa ku Germany anapereka mu 1912, lakuti makontinenti anali mtunda umodzi kalekale ndipo anang'ambika n'kumatalikirana pang'onopang'ono. Umboni wakuti mtunda umang'ambika uli m'Malawi momwemuno. Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha mtsinje wa Shire, umene umadutsa pa Liwonde, zili mu mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, pamene nthaka ikupatukana mamilimita ochepa chaka chilichonse.

Continent ali ndi tanthauzo lina lakale kwambiri. Akakhala mfotokozi amatanthauza munthu wodzigwira. Kuchipatala, incontinence ndi vuto lolephera kusunga mkodzo kapena chimbudzi, monga limene limagwera amayi odwala fistula. Mawuwa alibe chochita ndi mapu, koma tsinde lake ndi lomwe lija la kugwira.

Contiguous

Malo awiri amatchedwa contiguous ngati malire ake akukhudzana. Kuyandikana kokha sikukwanira. Minda iwiri yolekanitsidwa ndi mzere umodzi ndi yogundana, koma pakakhala munda wa munthu wina pakati, ngakhale waung'ono, iwiri ija imangokhala yoyandikana.

Boma la Machinga, kumene kuli Nselema, linachita malire ndi Mangochi kumpoto, Zomba kumwera, Balaka kumadzulo ndi dziko la Mozambique kum'mawa. M'Chingerezi tinganene kuti "Machinga is contiguous with Balaka". Balaka inali mbali ya Machinga mpaka mu 1998 pamene inakhala boma palokha. Chaka chimenechi chisanafike, Machinga inkachita malire ndi Ntcheu. Lero Balaka ili pakati pa maboma awiriwa, choncho mawu akuti contiguous sagwiranso pa Machinga ndi Ntcheu, ngakhale kuti palibe mudzi umene unasuntha.

Kum'mawa kwa bomali kuli nyanja ziwiri, Chiuta ndi Chilwa. Nyanjazi zili pafupi, koma madzi ake sakhudzana chifukwa pakati pake pali chitunda cha mchenga, ndipo njanji yopita ku Nayuchi imadutsa m'dera limeneli. Kumbali ina, malo osungirako nyama zakutchire a Liwonde anagundana ndi nkhalango yotetezedwa ya Mangochi, ndipo njovu zimatha kuchoka kwina kupita kwina. Bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, linatenganso nkhalango ya Mangochi mu 2018 kuti malo awiriwa azisamalidwa ngati amodzi.

Malawi anachita malire ndi mayiko atatu okha: Tanzania, Zambia ndi Mozambique. Zimbabwe sali m'gululi, ngakhale kuti mayiko awiriwa anali m'chitaganya chimodzi cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963. Malo osagundana amatchedwa non-contiguous, ndipo chitsanzo chake ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu, zimene ndi za Malawi koma zinazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ku Angola, chigawo cha Cabinda chinalekanitsidwa ndi dziko lonselo ndi kachigawo ka Democratic Republic of Congo.

Kusiyana kwa contiguous ndi continental kumaoneka bwino pa dziko la United States. Mawu akuti contiguous United States amanena za zigawo 48 zogundana pamodzi ndi likulu la dzikolo. Alaska ili pa kontinenti ya North America koma Canada ili pakati, choncho ndi continental koma si contiguous. Hawaii ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific, ndipo mawu onse awiri sagwirapo. Chimodzimodzinso Madagascar imawerengedwa ku Africa ndipo ili m'bungwe la African Union, koma sinagundane ndi mtunda wa Africa. Africa inagundana ndi Asia pa kamtunda ka Suez, pamene anakumba ngalande yotsegulidwa mu 1869, koma siinagundane ndi Ulaya, ngakhale kuti pa Gibraltar pali madzi a makilomita pafupifupi 14 okha.

M'malamulo a panyanja zikuluzikulu a United Nations a mu 1982, contiguous zone ndi dera la madzi logundana ndi madzi a dziko. Madzi a dziko amafika mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe, ndipo dera logundanalo limafika mamailosi 24.

Contingent

Contingent akakhala mfotokozi amatsatidwa ndi mperekezi on kapena upon, ndipo amamasuliridwa kuti "kudalira", "kutengera" kapena "pokhapokha ngati". Chiganizo chakuti "The harvest is contingent on the rains" chimatanthauza kuti zokolola zidalira mmene mvula igwere. Kalata yoitana munthu kuntchito ikanena kuti "contingent upon passing a medical examination", ndiye kuti ntchitoyo sinatsimikizike mpaka munthuyo atayezedwa kuchipatala n'kupezeka bwino. Pa mgwirizano wa ngongole, wa malonda kapena wa malo, mawu otsatira contingent on ndi amene amasonyeza chimene chingathetse lonjezo lonselo, choncho wosaina ayenera kuwamvetsa asanaike dzina kapena chidindo cha chala.

Alimi a nandolo a ku Machinga ndi Balaka amadziwa tanthauzo limeneli ngakhale osamva Chingerezi. Nandolo wambiri amene Malawi amagulitsa kunja amapita ku India. Mu August 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mitengo inagwa kwambiri m'misika ya kuno. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka 5. Mtengo umene mlimi amaupeza pa sikelo ya venda pa Nselema umatengera zimene zagamulidwa ku kontinenti ina, m'dziko limene silinagundane ndi Malawi.

Dzina lochokera ku mfotokoziyu ndi contingency, kutanthauza chinthu chimene chingagwe mwadzidzidzi. Contingency plan ndi dongosolo lokonzekera zoterezi. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imakonza dongosolo lotere nyengo ya mvula isanayambe, pokonzekera kusefukira kwa madzi, ng'amba ndi mphepo yamkuntho. Machinga linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa ndi kusefukira kwa madzi kwa mu January 2015 komanso namondwe wa Freddy mu March 2023. Malamulo aakulu a dziko la Malawi amalolanso kuti pakhale thumba la ndalama la Contingency Fund, lothandizira pa zofunika zadzidzidzi zimene sizinali mu bajeti. Powerengera chuma, contingent liability ndi ngongole imene ingakhalepo kapena ayi, monga ya munthu amene waimira mnzake pokongola kubanki: adzalipira pokhapokha mnzakeyo atalephera kubweza.

M'maphunziro a filosofi, chinthu chimatchedwa contingent ngati chilipo koma chikanathanso kusakhalapo, ndipo chimatchedwa necessary ngati sichingalephere kukhalapo. Ibn Sina, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira mu 1037, ndi Thomas Aquinas, wa Chikhristu, amene anamwalira mu 1274, onse anagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku pofotokoza za kukhalapo kwa Mulungu.

Contingent akakhala dzina amatanthauza gulu lotumidwa ngati gawo la gulu lalikulu. Asilikali a Malawi amene anatumizidwa ku Democratic Republic of Congo kuyambira mu 2013, pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa pansi pa United Nations, amatchedwa Malawian contingent m'nyuzipepala za Chingerezi. Dzina lomweli limagwiranso pa ochita masewera, monga amene anaimira Malawi koyamba pa masewera a Olympic ku Munich mu 1972.

Mawu ena a m'banja lomweli

Continuous anachokera ku tenere ndipo amatanthauza chopitirira mosadukiza, monga mvula yamvumbi. Continual amanena za chinthu chobwerezabwereza chimene chimaleka n'kuyambanso. Contiguous amafuna zinthu ziwiri kapena zambiri zokhudzana, pamene continuous amanena za chinthu chimodzi chosaduka. Contagious anachokera ku tangere ndipo amanena za matenda opatsirana pokhudzana, monga mphere ndi chikuku. Contact, kutanthauza kukhudzana kapena kulumikizana, ndi wa tsinde lomwelo. Adjacent amafanana ndi contiguous koma ndi ofewerapo, chifukwa zinthu ziwiri zingakhale adjacent popanda kukhudzana kwenikweni, monga nyumba zoyang'anizana ndi kanjira pakati.

Kuwasiyanitsa m'chiganizo

Mawu oyandikana nawo ndi amene amasonyeza tanthauzo. Continent ndi dzina, ndipo kawirikawiri limatsagana ndi the kapena a, monga "the continent of Africa". Contiguous amatsatidwa ndi with kapena to, ndipo amayankha funso lakuti "chagundana ndi chiyani?" Contingent wotsatidwa ndi on kapena upon amayankha funso lakuti "chikudalira chiyani?", pamene a contingent of amatsatidwa ndi anthu, monga asilikali, apolisi kapena ophunzira.

Onaninso

Makontinenti a dziko lapansi
Boma la Machinga
Boma la Likoma
Nyanja ya Chiuta
Chilatini