Kusala Chakudya ndi Madzi

Kusala kotere ndi kukhala maola ambiri, mwinanso masiku, osadya kanthu, osamwa ngakhale dontho la madzi. Ena amati kumatsuka thupi ndi kuchepetsa kunenepa. Komatu thupi likapepuka msanga chonchi, chimene chatuluka kwambiri ndi madzi, osati mafuta. Ntchito yosefa magazi ndi ya impso ndi chiwindi, ndipo impso zikasowa madzi zimawonongeka.

M'boma la Mambwe, kwawo kwa Akunda m'chigwa cha Luangwa, mchitidwewu ndi woopsa kwambiri m'chilimwe. Tsiku la mapemphero ndi kusala kudya la dziko la Zambia, lomwe linayamba mu 2015 pansi pa Pulezidenti Edgar Lungu, limakhala pa 18 Okutobala, pamene ku Mfuwe, m'bomali, kumatentha mpaka madigiri 40. Mlimi wososa m'munda masana otero amatha madzi m'thupi ndi thukuta lokha. Mkodzo umachepa n'kuda, milomo imauma gwa, ndipo akaweramuka amachita chizungulire.

Odwala shuga kapena impso, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana ndiponso okalamba asayerekeze kusala madzi. Wofooka amwetsedwe ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, pang'onopang'ono pamthunzi. Wokomoka musamumwetse kanthu. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, monga cha Kamoto.