Mbiri ya Owotcherera Zitsulo m'Makomboni a Lusaka

Luso lowotcherera zitsulo m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga linakula limodzi ndi ntchito ya mtengatenga, makamaka kuyambira mu 1965 pamene Rhodesia inadzilengeza kuti ndi yodziimira payokha, ndipo Zambia inayamba kudalira malole onyamula mafuta kuchokera ku Dar es Salaam. Popeza msewu wochokera ku Dar es Salaam unali woipa ndipo zipangizo zinkasowa, amisiri anaphunzira kusula okha zokokera ngolo, kuphatikizapo chimpando chachitsulo chimene chimanyamula mbale yolumikizira ngolo ku lole, yomwe ili ndi mpata wolowamo msomali waukulu wa ngoloyo.

Boma litayamba kugulitsa makampani ake pambuyo pa 1991, ambiri amene anachotsedwa ntchito anatsegula timashedi m'mbali mwa misewu monga Alick Nkhata. Mmisiri wodziwa amaika mbale yolumikizira ngolo ija patsogolo pang'ono pa ekiselo yam'mbuyo kuti katundu agawikane bwino, ndipo amaimanga ndi mabawuti m'malo mowotcherera pa chesisi, chifukwa moto umafooketsa chitsulo. Nzeru yotereyi, imene imateteza miyoyo pamsewu, ikuyenera kulemekezedwa.