Dzino lachitatu la pulagi

Chaka chomwe ndinasamukira ku Sunnyside, mumzinda wa Pretoria, ndinagulira mwana wanga PlayStation 2 yogwiritsidwapo kale ntchito. Titafika nayo kunyumba, pulagi yake inakana kulowa pakhoma. Inali ndi timano tiwiri, pomwe soketi ya m'fulatimo inali ndi mabowo atatu akuluakulu obulungira. Kwathu ku Malawi tinazolowera kutokosa bowo lapamwamba ndi cholembera n'kukankhira pulagiyo mokakamiza, khalidwe loipa ndithu. Kuno ngakhale zimenezo sizitheka, mabowo ndi otalikirana. Mnzanga wa ku Mangochi ataona anati, "Achimwene, chinthu chopanda earth chimenechi chidzakupwetekerani mwana." Mantha amenewo ndiwo anandichititsa kufufuza mbiri ya mabowowa.

Soketi yakwathu ndi yakuno zonse n'zochokera ku Britain. Yakuno ndi yakale, ya muyezo wa BS 546. Mu 1947 Angerezi anabweretsa ina ya mano aphwathalala, yokhala ndi fyuzi m'kati mwa pulagi, ndipo imeneyo ndi yomwe inakhazikika ku Malawi. South Africa inakakamira yakale ija. Bungwe la miyezo la SABS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1945 ndipo likulu lake lili ku Groenkloof, kufupi ndi komwe ndimakhala, limaitchula kuti SANS 164-1.

Mu 1986 bungwe la IEC linalemba muyezo wa pulagi yoti maiko ambiri agwirizanepo, koma pafupifupi onse anaunyalanyaza. Brazil inautenga n'kuusintha pang'ono. South Africa inautenga monga ulili, ndipo kuyambira 2018 nyumba zatsopano ziyenera kukhala ndi soketi yaing'onoyi. Imeneyi imalandira pulagi ya timano tiwiri popanda adaputa. Koma mafulati akale a ku Sunnyside akadali ndi mabowo a makolo aja.

Nanga mnzanga uja ananena zoona? Dzino lachitatu lili ndi ntchito pa zipangizo zachitsulo monga ketulo, simbi kapena filiji. Waya wamoto akakhudza chitsulocho, earth imapereka njira yoti magetsi athawire pansi, asadutse m'thupi la munthu. Makina ambiri a magemu anapangidwa mwanjira ina: mbali zonse zamoto zinatchingidwa kawiri, kotero kuti chotchinga chimodzi chikawonongeka, chachiwiri chimatsala. Chizindikiro chake ndi kabokosi kojambulidwa m'kati mwa kabokosi kena. Ndinayang'ana pa pepala lomatidwa pa PlayStation ija ndipo ndinakapeza. Palibe amene anaiwala earth, siinafunike.

Zoopsa zenizeni zili kwina. Magetsi akuno, monga akwathu, ndi 230 V, pamene ku America ndi 120 V ndipo ku Japan ndi 100 V. Makina akale ochokera kumeneko ukawalumikiza mwachindunji amapsa, ngakhale adaputa italowa bwinobwino, chifukwa adaputa imangosintha maonekedwe a mano, mphamvu siisintha. Chachiwiri ndi maadaputa otchipa a mumsewu, ogwedera, amene timawasanjikiza atatuatatu pa soketi imodzi mpaka kutentha.

Chomwe chinandikhazika mtima pansi, komabe, ndi mbiri ina imene sindinkaidziwa. Pabolodi ya magetsi ya m'fulati muli switchi yotchedwa earth leakage, ndipo kholo lake linabadwira m'dziko lomweli. Injiniya Henri Rubin, wa kampani ya C.J. Fuchs ku Alberton, anayamba kupanga chipangizo chotere mu 1955 pofuna kuteteza anthu ogwira ntchito m'migodi ya golide, migodi yomwe azigogo athu ambiri anapitako pa Wenela. Mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba ku Stilfontein, zipangizo mazana angapo zozima magetsi zikangomva 20 mA ikuthawa zinaikidwa m'nyumba za kumeneko mu 1957 ndi 1958. Switchi yamakono imayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera. Akasiyana ndi 30 mA, monga zimakhalira ena akadutsa m'thupi la munthu kupita pansi, imazima nthawi yomweyo, chipangizocho chikhale ndi earth kapena ayi.

Ndinagula adaputa imodzi yolimba m'sitolo ya zipangizo zamagetsi. Ndisanalumikize, ndinakadina kabatani koyesera pabolodi paja. Nyumba yonse inada, mwana anadandaula, ine ndinakweza switchi n'kumupatsa pulagi kuti alowetse yekha.