Denga la kalasi: kuchoka ku udzu kufika ku malata

Mwezi wa Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Ikamakwana 11 koloko, malata a kalasi amakhala ayamba kuthetheka, ana akudzikupiza ndi makope, ena akusinza, mphunzitsi akungolankhula yekha.

Makalasi oyamba m'dziko muno sanali otero. Amishoni atafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, sukulu zinayamba kufalikira m'midzi, ndipo zambiri zinali zomata ndi dothi, zofolera ndi udzu. Zinkadontha, chiswe chinkadya mitengo, makolo ankamweta udzu wina chaka ndi chaka. Komabe masana m'kati munkazizira bwino, chifukwa udzu sulowetsa msanga kutentha kwa dzuwa.

Malata anabwera ngati chizindikiro cha chitukuko. Sagwira moto, ndipo amatha zaka asanadonthe. Vuto lake ndi loti kukakhala kopanda siling'i, kutentha kwa chitsulo kumatsikira pamitu pa ana. Mvula ikagwa, phokoso lake limaimitsa phunziro.

Zinthu zinafika povuta mu 1994, pomwe boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Makalasi anaperewera, ena n'kuyamba kuphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Amene anapeza malo m'kati anapanikizana mpaka oposa 100 m'chipinda chimodzi, thupi lililonse likuwonjezera kutentha, mphepo ikulowera m'timabowo ta njerwa za pawindo.

Ku Burkina Faso, Francis Kéré anakulira m'mavuto omwewa. Ali ndi zaka 7 anachoka kwawo ku Gando kukayamba sukulu ku Tenkodogo, m'kalasi ya njerwa za simenti, yotentha komanso yopanda mpweya wokwanira. Atapita kukaphunzira luso lojambula mapulani a nyumba ku Berlin, anasonkhanitsa ndalama n'kumanga sukulu kumudzi kwawo pamodzi ndi anthu a m'mudzimo. Inatha mu 2001.

Malata sanawataye. Anawakweza m'mwamba pa zitsulo, pansi pake n'kuika siling'i ya njerwa zadothi, kusiya mpata woti mphepo izidutsa pakati. Denga analitulutsa kunja kuti lizitchingira makoma ku dzuwa ndi mvula. Makomawo ndi a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, ndipo amachedwa kutentha. Sukuluyi inapata mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe imaperekedwa kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba.

Kuno kwathu midadada yatsopano ikumangidwabe chaka chilichonse. Makomiti a sukulu ndi makhonsolo, makamaka a kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, azifunsa kontilakitala za kutalika kwa denga, siling'i, kukula kwa mawindo ndi mitengo ya mthunzi asanasaine pulani.