Maule ndi Manoma: mkangano wa pachibale umene unatipeza pa wailesi

Amalume anga anali ndi wailesi ya mabatire anayi imene sinkaloledwa kulira pakati pa sabata. Mabatire anali odula, choncho ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti apezeko kamphamvu ka Loweruka ndi Lamlungu. Nthawi ya mpira ikakwana, ankakhala patsinde pa mango n'kumaitembenuza wailesiyo uku ndi uku mpaka mawu a MBC ya ku Malawi atamveka bwino. Apo n'kuti bambo a nyumba yoyandikana nafe atafika kale ndi kampando kawo. Amalume anali a Bullets, anzawowo anali a Wanderers. Mudzi wathu uli m'boma la Katete, ndipo mwa awiriwa palibe amene anapondako ku Blantyre. Komabe Bullets ikagonja, nsima yamadzulo amalume inkawakanika.

"Aneba, mwagona bwanji?" Umenewo unali moni wa m'mawa mwake, wopereka ndi amene timu yake yapambana. Woyankha ankangoti, "Tagona, achimwene, ligi sinathe." Ndinakula ndikuganiza kuti mawu akuti neba ankanena za kuyandikana kwa nyumba zathu. Ndinadzamva bwinobwino nditakula kuti ndi mmene masapota a matimu awiriwa amatchulirana ku Malawi konse.

Wina wa ku Lusaka angadabwe kuti anthu a ku Zambia ankalowa bwanji mkangano wa eniake. Ayang'ane mapu. Kuchokera ku Katete kapena ku Sinda, Lilongwe ali pafupi kuposa Lusaka, ndipo Kitwe, kwawo kwa Nkana ndi Power Dynamos, ndiye kutali kwenikweni. Ku Vubwi nkhani yake ndi ina: munthu amatha kudzuka m'mawa, kupalasa njinga, n'kukagula mchere pamsika wa m'dziko la Malawi dzuwa lisanafike paliwombo. Azakhali ali ku Mchinji, apongozi ali ku Mozambique, mfumu yaikulu ndi imodzi, Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika. Tsono wailesi ikamaulutsa mpira m'chilankhulo chimene unayamwira, mtima sufunsa chiphaso. Ndipo katunduyu sankayenda njira imodzi. Dennis Liwewe, amene mawu ake ankaimitsa dziko la Zambia timu yathu ikamasewera, anabadwira ku Malawi.

Wamkulu pa matimu awiriwa ndi Wanderers, imene inayamba mu 1962, Malawi akadali Nyasaland. Bullets inabadwa mu 1967, ndipo oyambitsa ake anali osewera amene anatuluka mu Wanderers momwemo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Adani ochokera kutali amamenyana n'kuiwalana, koma mwana akatuluka m'nyumba ya makolo atakwiya, n'kukamanga yake pafupi pomwepo, utsi wa kukhitchini kwake umakhala ukuoneka tsiku ndi tsiku. Ku South Africa zinachitikanso chimodzimodzi pamene Kaizer Motaung, yemwe anali wa Orlando Pirates, anayambitsa Kaizer Chiefs mu 1970, ndipo mpaka lero Soweto imagawika pakati matimu amenewo akakumana. Ku Blantyre mwana wotulukayo anavala zofiira, kholo linatsala ndi zobiriwira ngati mtambo. Ofiira ndi Maule, timu ya fuko. Enawo ndi Manoma, Nyerere, anyamata a pa Lali Lubani, msewu umene pali kalabu yawo.

Maina enieni a matimuwa ndi mbiri ya chuma cha Malawi yolembedwa pa jezi. Bullets inayamba ngati Nyasaland Bullets, dzina lodabwitsa poganizira kuti dziko linali litalandira kale ufulu mu 1964. Kampani ya nsapato itaitenga inakhala Bata Bullets, dzina limene achikulire akumamatirabe mpaka pano. Kenako mafuta a galimoto: Total Big Bullets. Kenako ndale: Bakili Bullets. Kenako fodya wa Nyasa Manufacturing Company, ndipo mu 2023 banki ya First Capital inaonjezera zilembo zake kutsogolo, timu n'kukhala FCB Nyasa Big Bullets. Yazungulira zaka zonsezi n'kubwerera ku dzina la Nyasa limene inayamba nalo. Wanderers nayo yavalapo maina a Yamaha, Limbe Leaf ya fodya, Telecom ndi MTL za matelefoni, Be Forward yogulitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndi Mukuru yotumiza ndalama, imene abale athu a ku Joni amaidziwa bwino. Mukafuna kudziwa msinkhu wa sapota, musamufunse chaka chobadwa. Mverani dzina limene akuitchula timu yake. Amalume anamwalira akunena Bata, ndipo wowauza za Total ankamuyang'ana ngati wawatukwana.

Zaka za m'ma 1970 ndi zimene zinaupatsa mkanganowu nkhope za anthu. Ku Bullets kunali Kinnah Phiri, womwetsa zigoli amene mpaka lero palibe wamuposa pa zigoli zogoletsera timu ya dziko la Malawi. Ku Wanderers kunali Jack Chamangwana, wotseka kumbuyo amene anthu anamupatsa dzina loti Africa, ndi goloboyi Boniface Maganga. Loweruka ankakhala adani, koma timu ya dziko ikaitana ankavala jezi imodzi. Ife a kuno tinazimva kuwawa mu 1978, pamene Malawi inagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza ya chikho cha East and Central Africa. Tsiku limenelo pansi pa mango paja panali chisokonezo. Amalume ndi aneba awo, kwa nthawi yoyamba, anali mbali imodzi, ya Zambia, koma akuswedwa ndi anyamata amene ankawachemerera sabata ndi sabata. Malawi inatenganso chikhocho mu 1979, ndipo mu 1988 inatigonjetsanso mu ndime yomaliza. Pali kanthu kena kamene a Manoma amakonda kukumbutsa Maule: Kinnah atachoka ku Malawi anakasewera ku Swaziland, ndipo timu imene anakalowa kumeneko dzina lake linali Manzini Wanderers. Chamangwana anapita ku Kaizer Chiefs, komwe patapita zaka Patrick Mabedi wa Bullets anakakhala kaputeni.

Masiku amenewo ulemu unkapezeka m'zikho monga Kamuzu Cup ndi Chibuku Cup. Ligi yaikulu ya dziko lonse, Super League, inayamba mu 1986, ndipo oyamba kuitenga anali Bullets. Wanderers inayankha mu 1990, Bullets n'kubweza mu 1991 ndi 1992. Zitatero mpira unapendekera ku Lali Lubani: 1995, 1997 ndi 1998 zonse zinali za Manoma. Amene anali sapota wa Wanderers pa nthawiyo anali ndi chifukwa choyendera mapewa ali m'mwamba, chifukwa pofika kumapeto kwa 1998 timu yake inali itatenga ligi kanayi pamene Bullets inali ndi katatu. Ndimaona kuti achinyamata ambiri a Bullets sadziwa kuti panali nthawi imene neba anali patsogolo.

Zimene zinatsatira a Manoma safuna kuzikumbuka. Kuyambira 1999 mpaka 2005 Bullets inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana. Mwana wobadwa chaka choyambacho anayamba sukulu asanaonepo timu ina ikunyamula chikho cha ligi. Mkati mwa zaka zimenezi, mu 2003, Bakili Muluzi, ali pulezidenti wa dziko, anayamba kuthandiza timuyi ndi ndalama ndipo inatenga dzina lake. Chidani chinafika pena. Chaka chomwecho matimu awiriwa anakumana mu ndime yomaliza ya Carlsberg Cup, masewero anathera panjira chifukwa cha chipwirikiti, ndipo kampani ya mowayo inachotsa chikho chake. Inadzabwerera mu 2012. Zaka zonsezo matimu ang'onoang'ono, amene sanaponye mwala ngakhale umodzi, anataya mpikisano chifukwa cha mkwiyo wa akuluakulu awiri. Pamenepa sindiikira kumbuyo mbali iliyonse.

Chaka cha 2004 ndicho chimatikhudza kwambiri kuno kum'mawa. Bakili Bullets, mphunzitsi wake ali Kinnah Phiri yemwe uja, inalowa mpikisano wa akatswiri a mu Africa, CAF Champions League. Inatulutsa SC Villa ya ku Uganda, inatulutsa Zanaco yathu ya ku Lusaka, inatulutsanso Orlando Pirates, n'kufika mu ndime ya m'magulu, momwe inakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Enyimba ndiyo inadzatenga chikhocho. M'timu ya Bullets munali Peter Mponda ndi Fischer Kondowe, maina amene anyamata a m'midzi yathu ankadzipatsa posewera mpira wachikulunga. Masewero a Zanaco aja anaika anthu pamayeso. Kodi uchemerere dziko lako kapena timu yako? Ndikudziwa Maule a ku Katete amene anachemerera mobisa, nkhope ili yachisoni, chala chakuphazi chikuvina m'fumbi. Ndipo masapota a Wanderers, kuno ndi ku Malawi komwe, tsiku limenelo anasanduka okonda Zanaco kuposa eniake a ku Lusaka.

Ndalama za munthu mmodzi zili ngati mvula ya chizimalupsa: imagwa yamphamvu, koma sudzalira mbewu. Thandizo la Muluzi litatha, Bullets inalowa m'mavuto. Osewera abwino anapita kunja, otsala ankadandaula za malipiro, ndipo timu inkadalira za pakhomo la bwalo ndi zopereka za akufuna kwabwino. Wanderers inatenga ligi mu 2006, koma nayo inagona. Mpata umenewu unadyedwa ndi ena, makamaka Silver Strikers ya ku Lilongwe ndi ESCOM United. Bullets inadzaionanso ligi mu 2014, Wanderers mu 2017. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za njalazi bwalo la Kamuzu linkadzazabe awiriwa akakumana. Anthu sankabwera kudzaona amene atenge ligi. Ankabwera kudzaonetsetsa kuti neba asagone tulo. Ndi nthawi yomweyi imene Joseph Kamwendo ankazunguza anthu pakati pa bwalo atavala za Wanderers, ndipo Bullets inatulutsa kamnyamata kotchedwa Gabadinho Mhango, kamene mu 2013 kanapita ku Bloemfontein Celtic.

Chikho cha 2017 chinali chokoma kwa Manoma chifukwa anachidikira zaka 11, ndipo anachitenga ndi mphunzitsi Yasin Osman, mmodzi wa akale a mpira wa ku Blantyre. Chimwemwecho sichinakhalitse. Mu 2018 Bullets inalemba ntchito Calisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, amene anali atatenga kale ligi ya kwawo kanayi motsatizana ndi Dynamos. Iye anangopitiriza chizolowezi chake. Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023, ndipo m'chaka chomalizacho inakokolola zonse zinayi: ligi ya TNM, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Pofika pamenepo kawerengedwe ka Super League kanali Bullets 17, Wanderers 6. Amene anadula ulendowo mu 2024 anali Silver Strikers, ndipo mphunzitsi wawo anali Peter Mponda, mwana wa m'nyumba ya Maule. Zikuoneka kuti Bullets imapwetekedwa bwino ndi anthu otuluka m'nyumba mwake, monga momwe iyo inapwetekera Wanderers.

Masiku ano pansi pa mango paja palibe wailesi. Anyamata a pa Sinda amalipira kandalama kukaonera Arsenal ndi Manchester United pa kanema wa m'kachisakasa, ndipo amadziwa maina a osewera a ku London kuposa a ku Blantyre kapena ku Kitwe. Sindiwadzudzula, zithunzi zake n'zokongola. Koma amakangana za mizinda imene sadzamvako nthabwala zake. Mkangano wa Maule ndi Manoma unali wathu chifukwa ngakhale chipongwe chake tinkachimva mpaka pansi pake. Sunafe ayi. Wasamukira pa foni, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, komwe mphwanga wa ku Vubwi amatumizirana zithunzi zonyozana ndi asuweni ake a ku Mchinji. Ndipo pa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a maiko atatu akasonkhana ku Mkaika, yang'anani bwino m'khamulo. Pakati pa zitenje za mwambo simulephera kuona jezi yofiira, ndipo posakhalitsa wina amaikuwira kuti, "Neba!"

Pali chinthu chimodzi chimene chimandinyansa ndikamawerenga mbiri imeneyi. Matimu awiri amene adyetsa timu ya dziko lawo kwa zaka zoposa 50, amene atumiza osewera ku South Africa ndi kwina, akhala moyo wawo wonse akubwereka bwalo la boma, lomangidwa m'nthawi ya atsamunda, limene linkatchedwa Rangeley, kenako Kamuzu, kenako Chichiri, n'kubwereranso ku Kamuzu. Mu 2019 boma la Malawi linalonjeza kumangira timu iliyonse bwalo lakelake, ntchito inayambika, kenako inaima kwa zaka. Otuluka m'nyumba mu 1967 aja anasintha jezi ndi dzina, koma masewero apakhomo a Maule ndi a Manoma akhala akuchitikira pabwalo limodzi lomwelo ku Chichiri.