Mbiri ya Mau Awiri: "Two" ndi "Second"

Mphunzitsi ali yense wophunzitsa ciwerengero m'Cingelezi adziwa pamene ana amapunthwa. "Four" abala "fourth", "six" abala "sixth", koma "two" sabala "twoth". M'malo mwace muima liu lacilendo, "second", losafanana ndi "two" ngakhale pang'ono. Tikauza ana kuti angoloweza pamtima, tiwamana nkhani yokoma, pakuti cifukwa cace ciri m'mbiri ya England.

"Two" ndi liu la Angelezi eni ace, limene makolo ao anaoloka nalo nyanja pocokera ku maiko amene lero tiwacha Germany ndi Denmark. Masiku a Mfumu Alfred, amene anamwalira m'caka ca 899, "second" kunalibe m'cinenero cao. Pofuna kunena kuti "waciwiri", anthu ankati "other". Motero liu limodzi linasenza akatundu awiri, ndiwo "waciwiri" ndi "wina". Ku Sweden kufikira lero liu lao lakuti "andra" litanthauza zonse ziwirizi.

M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Angelezi pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 200, Cifalansa cinali cinenero ca kwa mfumu ndi ca akulu a dziko, ndipo Cilatini cinali ca Mpingo ndi ca ophunzira. Mau ambiri analowa m'Cingelezi pa khomo limeneli. Pafupi ndi caka ca 1300 "second" anayamba kuoneka m'zolembedwa, atacokera ku liu la Cilatini "secundus" kudzera m'Cifalansa. Mlendoyo analandula "other" katundu mmodzi, namsiyira tanthauzo lakuti "wina". Koma phazi lakale lionekabe m'mau akuti "every other day", ndiko kuti tsiku laciwiri liri lonse.

Tsono kusiyana kwace nkotani? M'kati mwa "secundus" mulibe ciwerengero konse. Muzu wace ndi "sequi", kutsata. "Secundus" ndiye wotsatira. Aroma ankachula ndi liu lomweli mphepo yabwino yokankha ngalawa kumbuyo, popeza iitsata. "Two" ayankha funso lakuti, "Ziripo zingati?" Koma "second" ayankha lakuti, "Watsata woyamba ndani?"

Apa mpamene timvetsa sekondi ya pa koloko. Ababulo ankawerenga m'magulu a 60, ndipo Ptolemy wa ku Alexandria anatsata njira yomweyo poyesa nyenyezi. Ophunzira olemba Cilatini anacha kugawa koyamba "pars minuta prima", kacigawo kakang'ono koyamba, kumene kwacokera "minute". Kugawanso kacigawoko pa 60 anakucha "pars minuta secunda". Sekondi si zinthu ziwiri ai. Ndi gawo limodzi la magawo 3,600 a ora, lopezeka pa kugawa kotsatira. Comweconso sukulu ya sekondale ndiyo yotsatira ya pulaimale.

Aphunzitsi anzathu, cinenero cathu citithandiza pamenepa. Ife timati "mmodzi", koma pamzere sitinena "wacimodzi" kawiri kawiri. Timati "woyamba", monga Angelezi ali ndi "one" ndi "first". Imikani ana atatu pamzere. Funsani kuti alipo angati, kenaka funsani amene watsata woyamba. Mwana amene waona ndi maso kuti kuwerenga zinthu ndi kuika zinthu pamzere ndi nchito ziwiri zosiyana sadzalembanso "twoth".