Mafunso ndi Mayankho: Kodi Aroma Anali ndi Chipinda Chosanziramo?

FUNSO: Mwana wanga atadwala, adokotala adalemba "emesis" m'buku lake la kuchipatala, chonsecho ine ndidangowauza kuti akusanza. Mawuwa adachokera kuti? Ndidamvanso kuti Aroma akale anali ndi chipinda chosanziramo pa madyerero. Nzoona? Wowerenga, Nkhotakota.

YANKHO: Mawu a m'bukumo asakuopseni. "Emesis" ndi Chigiriki cha anthu wamba, chochokera ku "emein", kusanza basi. Nawo mawu oti "nausea", omwe ife timati nseru, adachokera ku "naus", ngalawa. Kwa Agiriki nseru inali nthenda ya apaulendo a panyanja, ndipo aliyense amene adakwerapo sitima ya Ilala mwera utawuka angawavomereze osafunsanso.

Tsono pa za chipindazo mundilole ndikhalitsepo, poti bodza limeneli landikwana. Mawu oti "vomitorium" omwe anthu amati ndi dzina la chipindacho alipodi, ndipo tsinde lake ndi "vomere", kusanza m'Chilatini. Koma wosanzayo sanali munthu ayi, linali bwalo la zamasewero. Wolemba wina wachiroma, Macrobius, cha m'zaka za m'ma 400, adatcha dzinali tinjira ta pansi pa mipando tomwe anthu ankadzeramo mwaunyinji. Taganizani za Colosseum ya ku Rome, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 80, yolowa anthu pafupifupi 50,000, makomo ake apansi 80. Khamu likamakhuthuka m'tinjira timeneti, woonerera ankangoona ngati mwala ukusanza anthu. Pitani pa Bingu Stadium mpira utangotha, muime moyang'ana pachipata, mudzaona zomwe Macrobius ankanena. Za chipinda chosanziramo zidabwera mochedwa kwambiri, cha m'ma 1800 ndi 1900, kwa olemba Chingelezi amene adamva "vomit" m'mawuwo nkungomaliza okha nkhani yonse. Bodza lokoma silisowa olisenza, makamaka likamanena za anthu olemera.

Wina anena kuti komatu Aroma ankasanzadi pa madyerero. Ena ankatero, ndipo wolemba wachiroma Seneca, amene adamwalira m'chaka cha 65, adawadzudzula kwambiri. Koma yemweyo adadandaulanso za akapolo omwe ankapukuta zonyansa za aledzere pomwepo pamalo odyera. Chipinda chikadakhalapo, akapolowo akadapukutiranji pansi pa tebulo? Umboni womwewo ndi umene ukugwetsa nthanoyi.

Tikabwerera ku "emesis" uja, winanso anena kuti mawu a achipatala ngofunika chifukwa amalunjika kuposa athu. Ubwino wawo ulipo: dokotala wa ku Lilongwe ndi wa ku Lisbon amamvana pa liwu limodzi. Koma pa kulunjika sitigonja. "Haematemesis" ndi "haima", magazi, kuphatikiza "emesis", ndiye kuti kusanza magazi, monga momwe agogo anu angafotokozere. Chichewa chimasiyanitsa nseru, kugeya ndi kusanza, ndipo ng'ombe timati imabzikula, sitinena kuti ikusanza. Ine ndimati mawu a m'buku ndi a adokotala okhaokha, koma wodwala aziuzidwa m'chinenero chimene amalirira.

Choncho simudalakwitse ponena kuti akusanza. Ulendo wina mudzawonjezere kuti wasanza kangati, masanziwo ngotani, ndipo ngati madzi a Thanzi akukhazikika m'mimba. Zimenezo Chigiriki sichingakuyankhireni.